Khansa Imasiya Mapazi Isanayambe Kupweteka

Mayi wa ku Hewe amene wadzuka ndi mphamvu, nakatunga madzi, nasoka fodya tsiku lonse, saona chifukwa chopitira ku chipatala cha Katowo. Kwa iye chipatala ndi cha odwala. Maganizo otere angamveke pa malungo, amene amagwetsa munthu pamphasa tsiku lomwelo, koma pa khansa ya khomo la chiberekero atengera amayi ambiri kumanda. Nthenda imeneyi imakula mwakachetechete kwa zaka 15 kapena 20, ndipo pamene magazi ayamba kutuluka pa nthawi yosayenera, imakhala itazika kale mizu. Malawi ali m'gulu la maiko amene amataya amayi ambiri zedi ndi khansa imeneyi.

Komabe nthendayi imasiya mapazi. Mlonda wa nyama ku Vwaza amadziwa kuti njovu yadutsa ngakhale sanaione, ndipo madokotala nawo aphunzira kulondola khansa chimodzimodzi. Thupi la munthu linamangidwa ndi tizigawo tating'ono zedi totchedwa maselo. M'selo liri lonse muli malangizo a chibadwa amene akatswiri amawatcha majini. Mau amenewa asaopse munthu, sakunena mizimu yoipa ija ai. Majini ndiwo amalamula selo kupanga mapuloteni, ndipo ena mwa mapuloteniwo, monga p53 ndi Rb, ali ngati alonda oletsa selo kuswana mopanda malire.

M'zaka za 1983 ndi 1984 Dr Harald zur Hausen wa ku Germany ndi anzake anapeza mitundu iwiri ya kachirombo ka HPV, ya nambala 16 ndi 18, mkati mwa zotupa za khomo la chiberekero. Mitundu iwiriyi ndiyo imayambitsa pafupifupi khansa 7 mwa 10 ziri zonse za pamalopo. Kachiromboka kamafala pamene mwamuna ndi mkazi akhalira malo amodzi, ndipo kali ndi majini akeake, E6 ndi E7, amene amamanga manja alonda aja. Tsono majini a kachirombo angapezeke m'chinyezi cha m'njira ya chiberekero zaka zambiri chotupa chisanaoneke. Amenewa ndiwo mapazi aja.

Njira yodziwika m'zipatala zambiri ndiyo yopaka viniga pa khomo la chiberekero, namwino nayang'ana ngati pali poyera. Njirayi yapulumutsa ambiri ndipo isanyozedwe, koma imadalira diso la munthu. M'chaka cha 2021 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza kuti kumene kungatheke, kuyeza majini a HPV kukhale koyamba. Makina a GeneXpert, omwe aja oyezera makhololo a chifuwa chachikulu, amatha ntchito imeneyi pa ola limodzi, monga chinasonyezera chipatala cha Nkhoma. Chokoma koposa nchakuti mayi angathe kudzitenga yekha chinyezicho ndi kamtengo kathonje, kuseri, popanda kuvulira munthu wina. Manyazi amene amabweza amayi ambiri panjira athera pamenepo.

Apa ndi pamene anthu a ku Hewe ayenera kulankhula. Ulendo wa ku boma la Rumphi kudzera ku Bolero ndi wautali, ndipo mayi wosamva ululu sangatayire ndalama za fodya pa ulendo wotere. Koma kamtengo kathonje sikadya panjira. Ngati makhololo amanyamulidwa kuchokera ku zipatala zazing'ono kupita kumene kuli makina, timitengoti tingakwere nao m'bokosi lomwelo. Komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, mafumu a kwa Katumbi ndi alangizi a zaumoyo apemphe zimenezi mosatopa, napemphenso kuti zotsatira zizibwerera kwa mwini wake msanga, pakuti kuyeza kopanda yankho nkutaya thonje chabe.

Boma la Rumphi si lachilendo pa nkhondoyi. M'chaka cha 2013 Rumphi ndi Zomba ndiwo anayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana, dziko lonse lisanayambe mu Januwale 2019. Atsikana oyambawo tsopano ndi amayi oyandikira zaka 25, msinkhu woyambira kuyezetsa. Asadzinamize kuti katemera anamaliza zonse, popeza sateteza ku mitundu yonse ya kachirombo.

Pali chenjezo limene abambo makamaka ayenera kulimva. Kupezeka ndi HPV si kupezeka ndi khansa. Mwa amayi ambiri thupi limachotsa lokha kachiromboka pasanathe zaka ziwiri. Sichizindikiro cha chigololo cha dzulo ai, chifukwa kangakhale kanalowa kalekale, mwina kudzera mwa bambo yemweyo amene akukalipa. Tanthauzo lake nlakuti mayiyo aonedwe bwino ndi namwino, ndipo ngati pali malo oyamba kusintha, amawaotcha ndi kachitsulo kofunda kwa mphindi zochepa, iye nabwerera kwao tsiku lomwelo. Amayi amene ali ndi HIV asaphonye konse, chifukwa chiopsezo chao nchachikulu kasanu ndi kamodzi.

Pamene kuyeza kwatsopanoku kukudikiridwa, mayi ali yense wa zaka 25 mpaka 49 afunse za kuyeza kwa viniga tsiku limene wabwera ndi mwana ku sikelo.