Akadaulo Odzidzoza Okha Asiye Kunamizira Chialubaniya

Chialubaniya ndi nthambi yoima payokha m'banja la zinenero za Indo-European. Franz Bopp anatsimikizira zimenezi mu 1854, ndipo mkangano unayenera kuthera pomwepo. Koma mawailesi ena akanema ku Tirana, m'dziko la Albania, akupitirizabe kukonzera mpando akadaulo odzidzoza okha, amene amalalikira kuti Chialubaniya ndi chinenero cha Apelasgi akale, mayi wobereka Chigiriki.

Umboni wawo ndi womvetsa chisoni. Akuti dzina la Zeus linachokera ku zë, kutanthauza liwu. Akuti Aphrodite ndi afër dita, kunja kwatsala pang'ono kucha, ndipo Athena ndi e thëna, chonenedwa. Basi, kafukufuku wathera pomwepo, omvera awombe m'manja! Chonsecho dzina la Zeus ndi pachibale ndi Dyaus wa Chisansikriti komanso Jupiter wa Chilatini, ndipo linalembedwa kale m'zilembo za Linear B zaka zoposa 3,000 zapitazo. Chiganizo chakale kwambiri cha Chialubaniya, mawu obatizira amene Pal Engjëlli analemba, ndi cha mu 1462, pomwe buku loyamba, Meshari la Gjon Buzuku, ndi la mu 1555. Kudumpha zaka zonsezo n'kumasulira dzina lakale ndi katchulidwe ka lero kuli ngati kulowa ufumu wa eni chifukwa chofanana mphuno ndi malemu.

Kufanana kwa kamvekedwe si umboni. Gwero la liwu limadziwika potsata mmene malembo asinthira mwadongosolo m'mawu ambirimbiri. Njira imeneyi imaonetsa kuti natë, usiku, ndi liwu lobadwa nalo, pomwe mik, bwenzi, linachokera ku amicus, qen, galu, ku canis, ndipo mbret, mfumu, ku imperator. Çorap ndi dyqan, sokosi ndi sitolo, anabwera ndi Aturuki. Mtanthauziramawu wa Gustav Meyer wa mu 1891 unachita kunyanya powerengera mawu obwereka, ndipo Eqrem Çabej anakonza zambiri pambuyo pake. Anakonza ndi malamulo a kasinthidwe ka mawu, osati ndi khutu lokha.

Chokwiyitsa kwambiri n'chakuti m'dera lomwelo Chiromani, chinenero cha Aromani, chimanyozedwa kuti ndi chinenero chotolatola. Komatu Johann Rüdiger anaonetsa mu 1782 kuti kwawo kwa Chiromani ndi ku India. Pani, madzi, kalo, chakuda, ndi jag, moto, ali ndi abale awo m'Chihindi. Mawu obwereka nawonso amalondola njira imene Aromani anayenda: baxt, mwayi, ndi la ku Persia, grast, hatchi, ndi bov, uvuni, ndi a ku Armenia, drom, msewu, ndi la Chigiriki. Ngakhale powerenga, jekh, duj, trin mpaka šov ndi a ku India, koma efta, oxto ndi enja, 7, 8 ndi 9, anatengedwa kwa Agiriki m'nthawi ya ufumu wa Byzantium. Dzina lachipongwe la Gypsy m'Chingerezi limawaloza Aromaniwo ku Egypt, ndipo ndi bodza lomwe chinenero chawocho chinaliphwasula kalekale.

Njira yomwe inapeza India m'Chiromani ndi yomweyo inapeza Chilatini m'Chialubaniya. Alaliki a Apelasgi aja amaikana chifukwa imawalanda Zeus, ndipo a wailesi amawaitanabe sabata ndi sabata.