Wi-Fi ya pa yadi: msewu wotulukira ndiye wopanikiza

Kucokera mu October 2023 pamene Starlink inayamba nchito muno mu Zambia, nkhani ya intaneti ya panyumba yakula. Ena agula dish, ena rauta ya MTN, Airtel kapena Zamtel, ndipo m'makomboni ambiri nyumba zitatu kapena zinayi zimasonkherana bundle imodzi. Ndalama zimacepa, koma ndeu zaculuka. Madzulo mukuyesa kuona amayi ku Kambombo, uko ku Chama, pa video ya WhatsApp, nkhope yauma, mawu akuduka. Basi mlandu wagwera netiweki ya kumudzi.

Nthawi zina ni zoona, kumudzi netiweki imavuta. Koma kambiri vuto lili pa yadi panu pomwe.

Intaneti ili na misewu iwiri. Wotsitsira zinthu, wa YouTube na mafilimu, ni waukulu. Wotumizira, umene amati upload, ni wopapatiza, ngakhale pa Starlink. Manje mwana wa ba landlord akafika, foni yake imayamba yokha kutumiza zithunzi zonse ku Google Photos, wina akukweza video pa TikTok. Rauta siikana katundu, imangomuika pa mzere. Mawu anu, amene ni tocepa cabe, amaima kumbuyo monga minibasi yatsekeredwa na malole pa Lumumba Road. Ngakhale kutsitsa kumacedwa, cifukwa foni iyenera kuyankha kuti zimene zatumizidwa zafika, ndipo yankho limadutsa msewu womwewo.

Mankhwala ake amadabwitsa: mucepetse dala liwiro lotumizira. Pimani upload madzulo pamene anthu ali ambiri. Ikapezeka 10 Mbps, lowani mu rauta pamene palembedwa QoS kapena Bandwidth Control, muike 8 kapena 9. Mzere umacoka kunja n'kubwera mu rauta yanu, imene ingathe kupititsa mawu patsogolo, zithunzi pambuyo. Marauta a OpenWrt ali na SQM yocita zimenezi bwino kwambiri.

Cobvuta n'cakuti tuma MiFi tochipa kambiri tilibe malo amenewo, ndipo liwiro la 4G limasinthasintha, la m'mawa si la usiku. Pamenepo nkhani yacoka ku makina, yabwera kwa anthu. Aliyense wosonkha azimitse backup, aziyatsa pogona. Ndipo password isamapite ku yadi ya aneba, cifukwa amene sanasonkhe ndiye amatumiza mavideo aatali a kitchen party.