WOSOKERA ABWERERE M'MAPAZI MWAKE

Mwezi wa Okutobala ukafika, dzuwa la m'cigwa ca Luangwa silidziwa cifundo. Kumtunda, monga ku Chipata ndi ku Katete, kamphepo kamaombako. Koma kumunsi, ku Msoro ndi ku Mfuwe, kutentha kumapitirira madigiri 40. Timitsinje timaphwa, ndipo mitengo ya tsanya imayoyola masamba, nisiya wapaulendo wopanda mthunzi.

M'nyengo yotere bambo wina ananyamuka kudera la Katete kukazonda mlongo wake wodwala kufupi ndi Msoro. Anacoka dzuwa litakwera kale, ndi kabotolo kamodzi ka madzi. Pamudzi wotsiriza anapeza mayi wokalamba alikupeta cimanga, koma anangopereka moni napitirira, popeza njirayo anaiyendapo ali mnyamata.

Patsogolo njira inagawika pawiri. Iye anasankha ya kumanja cifukwa inali yopondeka bwino, osadziwa kuti inali ya anthu oocha makala. Atayenda nthawi yaitali osaona phazi la mwana kapena mkwaso wa njinga, mtima unamuuza kuti wasokera.

Apa ndi pamene ambiri amalakwa kaciwiri. Kusokera kokha ndi cinthu cacing'ono. Coopsa ndi kukana kubwerera. Bamboyo anadandaula ndi mtunda umene anauyenda kale, nati adule m'thengo kuti akaturukire panjira yeniyeni. M'thengomo mitengo yonse inafanana. Madzi anatha, mutu unayamba kuwawa, miyendo inakokana, ndipo cizungulire cinamgwira.

Cimene cinampulumutsa ndi cakuti potsiriza anagonja. Anakhala pansi patsinde pa mkuyu kufikira dzuwa litapendeka, ndipo pambuyo pake analondola mapazi ake pang'onopang'ono mpaka pamphambano paja. Kunja kulikuda anafika pamudzi womwe uja. Mayi uja anamukhazika pamphasa, namupatsa madzi ndi thobwa, nati: "Mukadafunsa, bambo, ndikadakupatsani mdzukulu wanga kuti akuperekezeni." Kwa mlongo wake anafika mawa lake, iye mwini ali wofuna kudwazikidwa.

Makolo sananame ponena kuti kufunsa ndi kudziwa njira. Njira za kumudzi zimasintha: minda imasamuka, midzi imasamuka, ndipo njira ya dzana imamera thengo. Cifukwa cace woyenda m'cilimwe afunse pamudzi uliwonse, alawire tambala woyamba, ndipo apumule pamthunzi dzuwa likafika paliwombo. Madzi atenge oposa amene aganiza kuti adzamwa, ndiponso auze a kwao njira imene adzapita, kuti akacedwa adziwe kokamfuna. Madzi akamthera, afukule mcenga pokhota mtsinje wouma, pakuti nthawi zambiri madzi amabisala pamenepo. Koma acenjere, cifukwa njobvu nazonso zimamwa malo omwewo.

Amene apeza munthu wolefuka ndi dzuwa amgoneke pamthunzi, ammasule zobvala, amthire madzi m'thupi ndi kumkupiza. Ngati angathe kumeza, amwetsedwe pang'onopang'ono madzi abwino okwana lita 1, osakaniza ndi masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mcere. Koma akayamba kubwebweta kapena kukomoka, asamwetsedwe kanthu. Atengeredwe kucipatala msanga, alikuthiridwabe madzi panjira, pakuti matenda amenewa amapha.

Kale otsogola paulendo anali kutseka njira yolakwa ndi nthambi yaiwisi, kapena kulemba mzere pansi, kuti obwera m'mbuyo asalowemo. Mwambo umenewu sulira ndalama. Mafumu a midzi angacite bwino kuutsitsimutsa pamphambano za kwao, makamaka pamene njira za makala zapatuka, pakuti mlendo amene adzaima pamenepo mawa angakhale mwana wa m'mudzi momwemo.