Kupirira Nkhonya Ndi Vesi Liti?

Mnzanga wacinyamata, yankha mosabisa. Mai woyandikana nanu ku Kaunda Square akagogoda usiku, mwana kumsana, diso lotupa, kwanu mumacita ciani? Ambiri a ife timazima nyali. Kukaca, ankhoswe ndi akulu a mpingo amubweza kwa yemwe anammenya, ati banja ndi kupirira. Kupirira nkhonya? Ndi vesi liti limenelo?

Ena atiposa, ndipo ndi zamanyazi. Lamulo loletsa nkhanza la 2011 linati pakhale nyumba zothawirako. Apolisi ali ndi Victim Support Unit. A YWCA muno mu Lusaka amasunga amai othawa nkhanza. Nambala ya 933 ndi yaulere; ya ana ndi 116.

Koma pakati pa usiku mai uja alibe ya minibasi, foni yatsala m'manja mwa mwamuna. Akagone kuti mpaka kuce? Ife tinasonkha ndalama za yunifomu ya kwaya osanyinyirika. Nanga matiresi awiri ndi cipinda cimodzi cokiya pa chalichi zatikanika bwanji?

Pa msonkhano wa pa Ciweru, imirira uwafunse abusa zimenezi. Akati "tidzaona," udzafunsenso sabata yamawa.