NJINGA YATHU: Mapedulo otsika mtengo koma okhalitsa

Mwezi uno tikambirane za kanthu kakang'ono kamene ambiri a ife sitikaganizira kufikira tsiku limene kathyoka. Kanthuka ndi pedulo ya njinga, pamene phazi limaponda popalasa. M'midzi ndi m'makomboni mwathu muli njinga zambiri zamagiya, zija zichedwa mountain bike, zimene eni ake ali kupalasa pa kacitsulo kokhakokha, thupi la pedulo litagwa kalekale. Kupalasa kotere kumadya nsapato ndi kupweteka phazi, ndipo pa tsiku la mvula phazi likaterereka, munthu amagwa pamodzi ndi katundu wake. Katunduyo nthawi zina ndi thumba la cimanga ca kucigayo, koma nthawi zina ndi mwana wodwala amene ali kupita naye kucipatala. Akatekisiti athu, amene amapalasa mitunda yaitali kukatsogolera mapemphero ku machalichi a kumidzi, adziwa bwino za vuto limeneli.

Ndalama ndi zosowa, ndipo palibe colakwa pofuna mapedulo otsika mtengo. Koma kuchipa kwenikweni kwa cinthu kumadziwika powerenga miyezi imene catumikira. Munthu wogula mapedulo katatu pa caka ataya ndalama zambiri kuposa mnzake amene anaonjezapo pang'ono nagula kamodzi. Tsono tiyeni tione zoyenera kupenyetsetsa tisanatulutse kwaca m'thumba.

Yambani ndi mazinga

Pedulo iriyonse iri ndi ekiselo, ndiye kacitsulo ka pakati kamene kamalowa m'dzenje la mkono wopalasira. Mazinga a ekiseloyo ali a misinkhu iwiri. Msinkhu wofala ndi 9/16 ya inchi, pafupifupi mamilimita 14, ndipo ndiwo upezeka pa njinga zambiri zamagiya za anthu aakulu. Wina ndi 1/2 ya inchi, pafupifupi mamilimita 13, wa njinga za ana ndi zina zimene mikono yake iwiri inapangidwa ndi citsulo cimodzi copindika. Kusiyana kwake ndi kocepa kotero kuti diso linganyengedwe. Cifukwa cake tengani pedulo yakale popita ku sitolo, kaya ndi ku msika wa Kapata ku Chipata kapena ku Kamwala mu Lusaka, ndipo muilinganize ndi yatsopano. Funsaninso wogulitsa mosacita manyazi, pakuti safunsa anadya phula.

Ganizirani msewu wanu ndi nsapato zanu

Mapedulo a pulasitiki ndiwo otsika mtengo kwambiri, koma sali ofanana onse. Ena ndi a pulasitiki youma imene imasweka ikangogunda mwala. Ena ndi a nayiloni yolimba, ocindikala, ndipo amapirira misewu ya miyala monga ya kumapiri a ku Chipata ndi Katete. Mapedulo a aluminiyamu amakhalitsa koposa, ngakhale mtengo wake ndi wokwererapo. Kawirikawiri pedulo ya aluminiyamu yogwirapo kale nchito, yocokera pa njinga yabwino, imapambana yatsopano yonyezimira koma yopepera.

Penyaninso pamwamba pamene phazi liponda. Pakhale potambalala, kuti phazi likhazikike bwino. Mapedulo ena ali ndi timisomali tacitsulo togwira nsapato m'matope. Ameneŵa ndi abwino kwa wovala nsapato zolimba kapena majombo, koma amang'amba mapatapata, ndipo phazi likaphonya amaceka msongolo. Kwa mwana wa sukulu, kapena kwa mai wopalasa atavala mapatapata, mano a pulasitiki ndi okwanira. Mapedulo a mphira a njinga zakuda zakale, monga Eagle zija zinali kupangidwa ndi Luangwa Industries ku Chipata, ali ndi mazinga a 9/16, cotero amalowa pa njinga yamagiya. Ndi ofewa ku phazi, koma amaterera m'nyengo ya dzinja.

Pa njinga zina zogwirapo kale nchito zocokera kunja mupeza timapedulo tating'ono tokhala ndi kamsampha kacitsulo. Mtundu wodziwika ndi SPD, umene kampani ya Shimano ya ku Japan inatulutsa mu 1990. Timeneti timafuna nsapato zapadera zokhala ndi kacitsulo kunsi kwake. Ndi tabwino kwa a mpikisano, koma kwa wopita kumunda kapena ku Misa tiribe phindu. Musatitaye ai. Tigulitseni kwa okonda masewera a njinga, ndipo ndalamazo mugulire mapedulo afulati.

Yesani ndi zala zanu

Moyo wa pedulo uli mkati mwake, mmene muli timipira tacitsulo ndi girizi. Muli m'sitolo momwemo, gwirani thupi la pedulo ndi dzanja limodzi, ndipo ndi zala za dzanja linalo zunguzani ekiselo. Iyenera kuyenda mosalala. Mukamva ngati muli mcenga, ibwezeni. Igwedezeninso uku ndi uku: ikacita khwekhwerekhwe isanagwire ndi nchito yomwe, siidzafika patali. Ikazungulira nthawi yaitali ndi phokoso, musakondwere, cifukwa ici cisonyeza kuti mulibe girizi. Onani ngati kumapeto kwake kuli kacivundikiro kocotseka. Pedulo yotere ingatsegulidwe, kutsukidwa ndi kuikidwa girizi watsopano, pamene yomatiratu ikaonongeka ndi yotaya basi. Ngati mugula yogwirapo kale nchito, penyetsetsani kuti ekiselo siinapindike, pakuti yopindika imavutitsa bondo. Potsiriza, sankhani okhala ndi timagalasi tacikasu tonyezimira. Wobwera mocedwa kucokera ku msonkhano wa mphakati amaonekera patali kwa woyendetsa galimoto cifukwa ca timagalasi timeneti, popeza timakwera ndi kutsika pamodzi ndi mapazi.

Kumanga kufuna kudekha

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira. Mapedulo awiri aja sali mapasa ofanana. Pa ekiselo pamalembedwa R, kutanthauza ya kumanja, ku mbali ya cheni, ndi L, ya kumanzere. Ya kumanja imamangidwa monga bauti wamba, koma ya kumanzere mazinga ake ndi otembenuka. Opanga anacita dala zimenezi. Popalasa, kulemera kwa phazi kumazunguza ekiselo pang'onopang'ono m'dzenje lake, ndipo mazinga a kumanzere akadakhala ofanana ndi a kumanja, pedulo ikadamasuka yokha pa njira. Lamulo losavuta kukumbukira ndi ili: imikani sipanala mmwamba. Pomanga, ikankhireni ku gudumu la kutsogolo. Pomasula, ikankhireni ku gudumu la kumbuyo. Lamuloli ndi la mbali zonse ziwiri.

Sipanala yake ndi ya mamilimita 15, ngakhale mapedulo ena amafuna Allen key ya 6 kapena 8 kuseri kwa mkono. Pukutani dzenje, pakani girizi pang'ono pa mazinga, ndipo yambani kulowetsa ndi zala zokha. Ikakana kulowa, musaikakamize. Bwezani, onaninso cilembo, ndi kuyambanso. Mikono ya njinga zambiri zamagiya ndi ya aluminiyamu, yofewa kuposa citsulo ca ekiselo, ndipo pedulo yolowa mokhota imadya mazinga onse. Zikatero mudzafunika kugula mkono wina, umene mtengo wake uposa wa mapedulo. Fulumira anadya gaga. Ikalowa bwino kufikira kumapeto, ndiye imangeni zolimba ndi sipanala, ndipo muyeseninso patapita masiku angapo.

Musanagule konse, pitani kwa wokonza njinga wa pafupi. Nthawi zina phokoso limene mumva ndi la pedulo yomasuka cabe, kapena youma yofuna girizi, ndipo ingakonzeke ndi ndalama zocepa.

Abale ndi alongo, njinga ya pa banja ndi mphatso imene Mulungu anaika m'manja mwathu kuti titumikire nayo a pakhomo pathu ndi anansi athu. Kuisamala ndi mbali ya nchito yathu ya cikhristu, cifukwa pa usiku umene mnansi adzagogoda kupempha thandizo la kucipatala, njingayo iyenera kupezeka yokonzeka. Inu a m'makomiti a parishi, pamene muwerengera ndalama za caka, kumbukirani mapedulo, girizi ndi sipanala ya njinga ya akatekisiti. Inunso makolo, Loweruka likudzali itanani ana anu, anyamata ndi atsikana omwe, muwaonetse cilembo ca L ndi ca R, ndi kuwaphunzitsa kulowetsa pedulo ndi zala asanagwire sipanala.

Ambuye akusungeni pa maulendo anu onse. Tidzaonananso mwezi wamawa.