Mfuti ya malemu bambo

Lero tiyeni tilingalire za katundu wina amene eni ake sakonda kumutchula pagulu, koma amamusamala koposa njinga ndi wailesi. Ndikunena mfuti yakale ija imene imagona kutsindwi, yokulungidwa m'chiguduli, yopakidwa mafuta nthawi ndi nthawi ngati khanda. M'maboma a m'malire monga Mwanza, kumene tinjira todutsa kupita ku Mozambique n'tambiri kuposa chipata cha boma cholowera ku Zobue, nkhani yotere si yachilendo. Mwini wake mukamufunsa adzakuuzani kuti inali ya malemu bambo ake, ndipo bambowo anailandira kwa amalume awo. Adzakusimbirani za njati imene inagwa ndi mfuti yomweyo iye asanabadwe. Chimene sadzakuuzani n'chakuti chiilandirire sanalasepo chimene analoza.

Amaloza nguluwe, chipolopolo n'kukaboola thunthu la nthochi. Amaloza nyani, n'kuthyola nthambi ya mtengo wa manachesi. Pobwerera kumudzi chimanjamanja, zifukwa zimachuluka: kunali mphepo, wonga unanyowa, kapena pali wina wanjiru amene anailodza, ndiye aitengere kwa sing'anga akaitsuke. Choipitsitsa n'chakuti alenje ena amaloza chala mkazi wawo, ati sanadzisunge pamene mwamuna anali kuthengo. Mayi wosalakwa amagona ndi misozi chifukwa cha vuto limene lili m'kati mwa chitsulo.

Vutolo ndi ili. Mfuti zamakono zoombera patali zili ndi timizere togobedwa mopota m'kati mwa mpope wake. Chipolopolo chikamadutsamo chimagwira timizereto, n'kutuluka chikuzungulira ngati nguli. Mwana aliyense amadziwa kuti nguli imaima chilili malinga ngati ikuzungulira. Nachonso chipolopolo chozungulira chimasunga njira yake. Mfuti ya gogodera ilibe timizereti. Mpope wake ndi wosalala, ndipo chipolopolo chake chimayenera kukhala chocheperako kuti chilowe kukamwa kwa mfuti pochigogodera ndi ndodo. Wonga ukaphulika, chipolopolocho chimathamanga chikugunda uku ndi uku m'mpopemo, ndipo chimatuluka molowera kumene chagundira komaliza. Tsono onjezanipo kuti mlenje wakumudzi amaikamo zidutswa za misomali ndi tizitsulo tosiyana kukula, nayeza wonga pachikhatho ndi maso okha. Kuomba kwa lero sikungafanane ndi kwa mawa. Ngakhale asilikali a ku Ulaya, m'masiku amene ankagwira mfuti za mpope wosalala, ankaima phewa ndi phewa n'kuombera pamodzi, podziwa kuti pa mtunda wopitirira mapazi 100 msilikali mmodzi payekha sangadalire diso lake.

Mwina wina angafunse kuti nanga makolo athu anatsalira bwanji ndi mfuti zoterezi pamene azungu anali kale ndi zabwino? Sizinangochitika. M'chaka cha 1890, mayiko amene anasonkhana ku Brussels anagwirizana zoletsa kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu a m'chigawo chachikulu cha Africa, kuphatikizapo kuno kwathu, koma analola mfuti zakale za mpope wosalala ndi wonga wamba. Atsamunda anasunga zolasa patali, ife anatisiyira zophonya. Amisiri osula akumudzi nawonso anaphunzira kupanga zawozawo ndi mapaipi, ndipo paipi imene sanaipangire kupirira mphamvu ya wonga imakhala ndi tsiku lake long'ambika. Ikang'ambika, dzanja lamanzere ndi nkhope ya mwini wake ndizo zili pafupi.

Komabe tisamangonamizira chitsulo. Palinso mbali ya munthu. Amene anagundidwapo paphewa ndi mfuti, thupi lake limakumbukira. Ulendo wotsatira, chala chisanamalize kukoka, phewa layamba kale kudzikonzekera, maso atsinzina, kukamwa kwa mfuti kwatsika. Iye mwini sadziwa kuti watsinzina. Amalumbira kuti analoza bwinobwino. Gogodera imaonjezera vutoli chifukwa pamakhala kamphindi pakati pa kukoka ndi kuphulika, ndipo m'kamphindi kameneko dzanja lamantha limakhala litasuntha kale. Msilikali ndi wapolisi amachotsa mantha amenewa poombera chandamale kambirimbiri, mphunzitsi ali pambali. Mlimi wa ku Thambani amene amaomba kawiri kapena katatu pachaka, usiku, tochi ali nayo pamphumi, adzaphunzira liti? Bambo ake aja ankalasa chifukwa anakulira m'uzimba, ankadziwa kukwawa mpaka kufika pafupi ndi nyama. Mwana analandira mfuti yokha, lusolo linapita nawo kumanda.

Apa ndi pamene pagona nkhawa yanga, abale anga. Tikati munthu waphonya, timalankhula ngati chipolopolo chija chasungunuka m'malere. Chipolopolo chophonya chimagwera penapake ndithu. M'nyengo ya chimanga chachiwisi, m'munda mukamveka tswatswa, angakhale nguluwe, angakhalenso mwana wa mnansi amene akulondola mbuzi yosochera, kapena mayi amene walawirira kudimba kusanache. Mlenje wodziwa saomba chimene sanachione bwino. Wosadzidalira ndiye amafulumira, poopa kuti akadikira aphonyanso. Ndipo akangoivulaza nyamayo osaipha, wasiyira mudzi wonse tsoka, pakuti nguluwe yovulala imalusa, ndipo imene ingakumane nayo mawa m'mamawa ndi ntchembere yotola nkhuni.

Pali mtundu winanso wa mfuti umene tiyenera kuutchula mosabisa. Nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, imene inayamba mu 1977 n'kutha ndi pangano la mtendere la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, inathamangitsira m'Malawi anthu oposa miliyoni imodzi, ndipo Mwanza linali limodzi mwa maboma amene anawalandira. Nkhondo itatha, mfuti zambiri za AK-47 sizinabwerere m'nkhokwe za boma. Zinabisidwa, zina n'kumadutsa malire. Munthu amene akusunga yotere n'kumati ndi yotetezera banja akudzinamiza. Mfuti imeneyi imanyamula zipolopolo 30, ndipo ikamaomba mosalekeza kukamwa kwake kumakwera m'mwamba m'manja mwa wosaizolowera. Chipolopolo chake chikhoza kupha munthu amene ali patali kuposa kilomita. Mbava ikalowa pakhomo usiku, mwini nyumba akunjenjemera, amene ali pangozi yeniyeni ndi ana ake ogona kuseri kwa chipupa chadothi. Ndiponso mbiri ikangomveka yoti pakhomo paja pali mfuti, achifwamba amabwera kudzafuna mfutiyo.

Ndikudziwa zimene mlimi angandiyankhe, ndipo si zachibwana. Adzati inu olemba m'nyuzi simunagonepo pachilindo. Simunaonepo munda wa chaka chonse utasanduka bwalo usiku umodzi chifukwa cha nguluwe, kapena anyani atakolola chimanga mwini wake ali kumaliro. Akunena zoona. Njala imene nyama zimabweretsa ndi njala ndithu, ndipo alangizi a zanyama zakuthengo safika msanga paliponse pamene aitanidwa. Koma funso langa ndi lakuti, kodi mfuti imene simulasa nayo yapulumutsa mizere ingati? Ngati ntchito yake ndi phokoso lokha, chitini ndi ndodo zimachita zomwezo popanda kuika moyo wa munthu pachiswe. Moto wa pachilindo, agalu, ndi kulondera mosinthana ndi anansi zatchinjiriza minda yambiri kuposa gogodera.

Adzatinso mfutiyo ndi chikumbutso cha bambo, ndipo apa ndiye pamene mtima umalimba. Chikondi chotere sindingachinyoze. Tonsefe tili ndi kena kake ka malemu kamene sitingagulitse pa mtengo uliwonse, kaya ndi chipewa, kaya ndi mpando wandalema. Kusiyana kwake n'kwakuti chipewa sichingaphe mdzukulu amene wachipeza kutsindwi akuluakulu ali kumunda. Gogodera ambiri amaisunga ili ndi wonga kale, chifukwa kuikamo kumatenga nthawi ndipo kuchotsamo n'kovuta. Ana nawo amaona zonse. Amadziwa pamene pali chiguduli chija.

Lamulo nalonso silinena za chikondi. Malamulo a mfuti a dziko lino, amene anakhazikitsidwa mu 1967, amafuna kuti wosunga mfuti akhale ndi chiphaso chochokera kupolisi, ndipo kunena kuti munachita kusiyiridwa sikulowa m'malo mwa chiphasocho. Thengo limene makolo ankasakamo nalonso linasintha. Ku Majete, kumwera kwa Mwanza cha ku Chikwawa, njovu zinali zitatheratu pofika 1992 chifukwa cha kupha mosasamala. Bungwe la African Parks litayamba kuyang'anira malowa mu 2003, njovu zinabwezeretsedwa kuyambira 2006, mikango mu 2012. Lamulo la nyama zakuthengo litakonzedwanso mu 2017, chilango cha wopha nyama zotetezedwa kwambiri chinafika pa zaka 30 m'ndende. Munthu wa manja onjenjemera amene walowa m'thengo lotere ndi mfuti yopanda chiphaso waika banja lake lonse pa juga.

Anzathu a kutsidya kwa malire anakumana ndi funso lomweli pamlingo waukulu. Mu 1995, Bishopu Dinis Sengulane wa mpingo wa Anglican pamodzi ndi bungwe la mipingo yachikhristu ku Mozambique anayambitsa ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga, makina osokera ndi malata. Dzina la ntchitoyo analitenga pa uthenga wa mneneri Yesaya wonena za kusula zida zankhondo kuti zikhale zolimira. Mfuti zoperekedwazo ankaziduladula, ndipo amisiri ena anasula nazo zinthu zoonetsa. Mpando umene Cristóvão Canhavato anapanga ndi zidutswa za mfuti mu 2001 unagulidwa ndi British Museum ku London. Ambiri mwa amene anapereka mfutizo anali atakhala nazo zaka zambiri, ena zinawapulumutsapo kunkhondo, koma anabwerera kwawo akupalasa njinga.

Kwa m'bale wanga wa kwa Kanduku kapena kwa Nthache amene akuwerenga izi, chiguduli chili pamwamba pa mutu wake, njira zilipo ziwiri. Ngati mfutiyo ndi ya mtundu umene lamulo limalola, ikalembetsedwe, isungidwe yopanda wonga pamalo okhoma, ndipo mwini wake apeze munthu wodziwa amuphunzitse masana dzuwa likuswa mtengo. Ngati ndi yosula kumudzi kapena yotsala kunkhondo, asainyamule yekha kuyenda nayo pamsewu. Ayambe wauza anyakwawa kapena mkulu wa mpingo, apite nawo limodzi kupolisi ya pa Mwanza boma kukafotokoza, ndipo apolisiwo anene m'mene ingakatengedwere.