Mwana akati “sindikudziwa”, tisamutsekere khomo

M’mabanja angapo a m’parishi mwathu mwayamba kumveka mawu achilendo. Mnyamata kapena mtsikana wobwera ku tchuthi kuchokera ku sukulu ku Cuamba, ku Lichinga kapena ku Nampula amatsala pakhonde Lamulungu m’mawa. Akafunsidwa, amayankha mwaulemu ndithu kuti sakunena kuti Mulungu kulibe, koma kuti iye sakudziwa. Ndiponso kuti Baibulo lidalembedwa ndi anthu, tsono ndani angatsimikize kuti silidasinthidwe panjira?

Makolo ena amapsa mtima. Ena amathamangira kwa katekisti kuti mwanayo apemphereredwe ngati wogwidwa ndi mizimu yoipa. Ife tikuona kuti njira ziwirizi zimangomuthamangitsira kutali. Maganizo ake si misala, ndipo sadayambe ndi iye: katswiri wa sayansi wa ku England, Thomas Henry Huxley, adawapatsa dzina mu 1869 pofotokoza munthu amene akuti za Mulungu sizingadziwike. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Mwana wafunsa, tiyeni timuyankhe.

M’mawu akewo muli mafunso awiri, ndipo tisawaphike mu mphika umodzi. Loyamba ndi lakuti: kodi zimene tikuwerenga lero ndi zomwe zidalembedwa pachiyambi? Limeneli lili ndi yankho logwirika ndi manja.

N’zoona kuti kale mabuku ankakopedwa pamanja, ndipo wokopa amatopa, amadumpha mzere, amalakwitsa dzina. Koma taganizani kalata ya Ambuye Episkopi yochokera ku Lichinga itakopedwa ndi akatekisti 20, aliyense kumudzi kwake. Aliyense alakwitsa, koma salakwitsa pamalo amodzimodzi. Mukayala makalata onsewo pamphasa n’kuwafananiza, cholakwa cha mmodzi chimaululika ndi enawo. Ndipo wofuna kusintha uthengawo mwachinyengo ayenera kuyenda midzi yonse 20 popanda womuona. Mipukutu ndi zidutswa za Chipangano Chatsopano m’Chigriki zimene zilipo lero ndi zoposa 5,000, zochokera m’maiko otalikirana. Kachidutswa kena ka mutu 18 wa Yohane, kopezeka ku Egypt ndipo kosungidwa ku Manchester, akatswiri ambiri amati ndi ka m’zaka za m’ma 100. Kuyambira mu 1947, m’mapanga a ku Qumran mudapezeka mipukutu ya Chiheberi, umodzi mwa iyo wa buku lonse la Yesaya, wolembedwa Yesu asanabadwe. Udaposa ndi zaka pafupifupi 1,000 mipukutu yathunthu imene inkadziwika kale, koma atafananiza adapeza kuti ndi Yesaya yemweyo, kusiyana kwake kwakukulu kuli pa kalembedwe ndi timawu tina.

Sitikubisa kuti malo ovuta alipo. Mathero a Marko, kuyambira 16:9, mulibe m’mabuku awiri akale kwambiri, Codex Sinaiticus ndi Codex Vaticanus, a m’zaka za m’ma 300. Nkhani ya mayi wogwidwa m’chigololo, pa Yohane 8, nayonso mulibe m’menemo. Amene adatulukira zimenezi n’kuzilemba poyera m’munsi mwa masamba a Mabaibulo ambiri ndi akatswiri a Malembo omwe, ochuluka mwa iwo Akhristu. Wakuba salozera anthu pamene wakumba. Mabuku awiri omwewa atithandizenso pocheza mwamtendere ndi anansi athu Achisilamu, pakuti ena mwa iwo amati Injili idasinthidwa: adalembedwa zaka zoposa 200 Muhammad asanabadwe, ndipo Yesu wopachikidwa ndi wouka amene ali m’menemo ndi yemweyo timamumva pa Misa.

Nanga bwanji Mabaibulo a Chinyanja amasiyana? Buku Lopatulika lidatuluka mu 1922, Malembo Oyera a Akatolika mu 1966, Buku Loyera mu 1998, lomasuliridwa ndi Akatolika ndi mipingo ina pamodzi. Pamene loyamba lija likuti Yehova, lomalizali likuti Chauta. Kumeneko ndi kumasulira, kufunafuna mawu oti alowe m’khutu la Mnyanja. Gwero lake silidasunthe.

Funso lachiwiri ndilo lolemera: kodi zolembedwazo n’zoona? Pano tiyenera kudzichepetsa. Mipukutu 5,000 ikutsimikiza kuti Akhristu oyamba adalalika kuti Yesu adauka. Siingatilowetse m’manda kuti tione tokha. Wolemba mbiri wa Chiroma, Tacitus, amene sankakonda Akhristu m’pang’ono pomwe, adalemba kuti Khristu adaphedwa mu ulamuliro wa Pilato, ndipo mwala wokhala ndi dzina la Pilato udapezeka ku Caesarea mu 1961. Umboni wotere umatifikitsa pa Gologota. Kuchokera apo timayenda pa mawu a mboni, anthu amantha amene adathawa usiku uja, kenaka n’kulolera kumangidwa ndi kuphedwa chifukwa cha zimene adati adaziona. Munthu angathe kuwakana. Koma afotokoze chimene chidawasintha.

Tisamusenzetsenso mwanayo katundu amene Mpingo sudamupatse. Msonkhano wachiwiri wa Vatican, mu chikalata cha Dei Verbum cha 1965, udaphunzitsa kuti Mulungu adalankhula kudzera mwa anthu, m’kalembedwe ka nthawi yawo, ndipo choona chimene Malembo amaphunzitsa mosalakwa ndi cha chipulumutso chathu. Buku la Chiyambo si buku la sayansi, ndipo palibe chifukwa chouzira mwana kuti asankhe pakati pa aphunzitsi ake ndi ubatizo wake.

Pamene tikutsutsana naye ndi apa: “sindikudziwa” ndi poima pabwino, koma si pomanga nyumba. Msodzi wa pa Chiuta sadziwa ngati ukonde ubwera ndi nsomba, komabe m’bandakucha ayenera kusankha kukankha bwato kapena kugona, kugonako n’kusankhanso. Momwemonso tsiku lokhululukira mdani, lolonjeza ukwati kapena loika mayi m’manda likafika, munthu amachita ngati Mulungu alipo kapena ngati kulibe.

M’midzi mwathu muno muli agogo amene adaona sukulu ndi zipatala za mishoni zikulandidwa mu 1975, nthawi imene chipembedzo chinkanenedwa kuti n’chotsalira, adathawira ku Malawi pa nkhondo, n’kubwerera mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Ambiri adakhala miyezi osaona wansembe, akumasonkhana okha ndi buku limodzi. Nawonso adafunsa kuti Mulungu ali kuti, ndipo adali ndi zifukwa zoposa za m’kalasi. Mwanayo akhale nawo pansi madzulo ano, Marko 16 atatsegulidwa, awerenge yekha, afunse mpaka nyali ithe mafuta.